Injini Imene Sinkadziwa Kuyenda Pang'onopang'ono

Achimwene anga anthu a padoko amawatcha Abilimankhwe, ndipo dzinalo silinawagwere pachabe. Boti lawo likakhala pamadzi, utha kuthira tiyi, kumwa, kutsuka kapu, n'kulipeza lidakali pafupi ndi mwala womwe uja. Mlendo akaliona amafunsa ngati injini yafa. Ine ndimayankha kuti injini ili bwino, mwini wakeyo ndiye anabadwa choncho. Ndili ndi tiyirumu pamwamba pa doko, zenera lake limayang'ana kumadzi, kotero za boti limeneli ndimazidziwa kuposa mmene eni ake amaganizira.

Usodzi wawo si wa ukonde. Iwo amakoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda, kuti nsomba zikuluzikulu zija zimadya zinzake ziziyesa kansomba kothawa. Nyambo yakenso si nyongolotsi, ndi supuni. Ali mnyamata ankatsuka mbale kuhotela ina m'tauni, ndipo wophika wa pamenepo, munthu wokonda mbedza, ndi amene anawaonetsa kuti supuni yopindika sitayidwa. Amaidula chogwirira, n'kuiboola uku ndi uku, kumutu n'kumangako twayini, kumchira mbedza ya mano atatu. Kenako amaikhoma ndi kahamala pachitsa mpaka itapindika momwe akufunira. Ntchito ya kuhotela anaisiya tsiku limene anaona kuti supuni imodzi m'madzi ikuwadyetsa kuposa masupuni onse a musinki.

Supuni yabwino, amatero achimwene, iyenera kuvina. Izigwedezeka uku ndi uku ngati munthu amene walawako pang'ono koma njira yakwawo akuidziwa. Ikayamba kuzungulira ngati nguli ndiye kuti boti lathamanga: twayini amapotana, ndipo nsomba imangoyang'ana n'kupita zake. Boti likachedwetsanso, supuni imamira n'kukakola zinyalala pansi. Pakati pa ziwirizi pali kaliwiro kamodzi kokha, ndipo moyo wawo wonse achimwene akhala akusunga kaliwiro kameneko.

Botilo analikonza okha. M'mphepete mwake anakhomamo timapaipi tinayi tolowetsamo nsungwi za mbedza, tiwiri kumbuyo, tiwiri m'mbali topendekera kunja kuti twayini asayandikane. Nsungwi za m'mbali twayini wake ndi wamtali, wopanda mtovu, supuni imayenda chapamwamba kutali ndi boti. Za kumbuyo twayini wake ndi wamfupi koma wamtovu, kuti supuni itsike kuya. Kunsonga kwa nsungwi iliyonse anamangako tizitsekerero ta mabotolo, ndiye nsomba ikagunda timalira. Pokhota amakhota motakasuka, chifukwa ukakhota mwaukali twayini yense amakumana pakati n'kumangana mfundo yoti umasule mpaka dzuwa kukuwotcha pakhosi.

Injini yawo yakale inali kainjini kakang'ono, kogula kwa munthu amene anali atakataya kale mtima. Tinkakatcha Chifuwa. Kankatsokomola, kulavula utsi, nthawi zina kukomoka pakati pa madzi. Koma kakadzuka kankayenda liwiro la munthu wopita kukapepesa kwa apongozi, ndipo liwiro limenelo ndi limene supuni imafuna.

Alamu anga, akazi a achimwenewo, anamwalira mwana wawo wamkazi adakali wa m'manja. Achimwene sanakwatirenso. Anamulera yekha mwanayo, ine ndikuthandiza apo ndi apo, mpaka anamutumiza m'tauni kukaphunzira zosoka. Lero ali ndi shopu yake, amasoka mayunifomu a sukulu, matenti ndi malona ofunditsa katundu pamalole, ndipo tonse timangomutcha Telala. Bambo ake amamuitana kuti mayi, monga amachitira abambo ena ndi ana awo aakazi, ndipo iye akalankhula, iwo amangovomera.

Apa ndiyenera kunena chilema cha achimwene, popeza ndine mlongo wawo, ndani angandiletse. Munthu ameneyu sadziwa kuuza mnzake kuti walakwitsa. Mmisiri akawakhomera chitseko chokhota, amathokoza, mmisiri akapita n'kuchikonza okha. Anthu amati ndi ofatsa. Ine ndimati ndi ouma mutu mwakachetechete, ndipo mtundu umenewu ndi wovuta kuposa wolongolola ngati ine, chifukwa wolongolola umadziwa pamene wamuponda.

Tsiku lina Telala anabwera kudzacheza, ndipo anakhala pazenera langa akumwa tiyi. Anaona bambo ake akukoka chingwe cha Chifuwa, kukoka, kukoka, thukuta kamukamu, kanthu osadzuka. Atakadzutsa kanayenda pang'ono n'kufanso, ndipo anabwerera kudoko ndi nkhafi.  Mwanayo anangoika kapu pansi, ndipo ndinaona nsagwada zake zitalimba ngati za malemu mayi ake.

Patapita miyezi anatulukira ndi galimoto yahayala, kumbuyo kwake kuli injini yatsopano. Inali yaikulu, yakuda, yonyezimira moti ana ankadziyang'anirapo nkhope. Doko lonse linasiya ntchito. Amuna anayi ndi amene anainyamula kukaimanga kuboti, ndipo boti linakhala pansi kumbuyo, mphuno n'kudzuka.

"Ababa, nkhafi ija muipumitse tsopano," anatero Telala. "Iyi mukangokoka kamodzi yadzuka."

"Mayi, wandilemekeza," anayankha achimwene, chipewa chili m'manja.

Amayi a padoko ankandigwira mkono, amvekere kubala mwana wamkazi n'kumeneku. Inenso ndinanyada, ndisaname, ndinagawa tiyi waulere tsiku limenelo, chinthu chimene sindichita. Pofuna kuti bambo ake asadzabwererenso ku zakale, Telala anapereka Chifuwa kwa makaniko wa padoko pompo. Makanikoyo sachedwa ndi chaulere: pofika mawa lake kainjini kaja kanali katasanduka zitsulo m'beseni, zina zitalowa kale m'mainjini a anthu ena.

Masiku oyamba achimwene ankabwerako opanda kanthu. Ankakhala pakhonde la tiyirumu akumasula twayini wopotana ngati tsitsi losapesa. Ndikafunsa ankati nsomba zatsikira kuya, madzi afunda. Sindinatsutse, za pamadzi si zanga. Kenaka nsomba zinayambanso kubwera, zazikulu ngati kale, ndipo mtima wanga unakhala pansi. M'mawa uliwonse ankanyamuka padoko injini ikubangula, mafunde akumenya maboti a anzawo, anyamata akuimba mluzu. Ankazungulira kaphiri kamene kamalowa m'madzi kumanja kwa doko, n'kubisika. Telala akaimba foni ankamuuza kuti injini ikugwira ntchito ngati mkango.

Koma wogulitsa tiyi amaona manja a anthu. Achimwene anayamba kulandira kapu ndi dzanja lamanzere, munthu woti chibadwire ngwamanja. Akakhala pafupi ndinkamva fungo la mankhwala opaka aja otentha. Chigubu cha petulo chimene ankasungitsa kuseri kwa tiyirumu sichinkatha, pamene injini yaikulu chotero aliyense amadziwa kuti imamwa ngati ili pamaliro a mdani wake. Ndinafunsa za mkono, anati anaugonera.

M'mawa wina nkhuni zinandithera, ndipo mayi amene amandibweretsera anali akudwala, choncho ndinapita ndekha kwawo, kuseri kwa kaphiri kaja. Njira yake imadutsa pamwamba, madzi onse ali pansi pako. Ndili pamenepo ndinamva injini ikubwera, ndipo ndinaima kuti ndiwaone achimwene akusangalala ndi mphatso yawo. Boti linazungulira kaphiri, linafika poti a padoko sangalione, ndipo injini inazima. Achimwene anaipendeketsa kuti ituluke m'madzi, anaponya masupuni awo mmodzimmodzi, nsungwi n'kulowetsa m'mapaipi. Kenako anatola nkhafi n'kuyamba kupalasa.

Ndinakhala pamwala. Munthu wa imvi, kupalasa boti lamatabwa, kumbuyo kuli chiinjini cholemera ngati ng'ombe yakufa, akukokanso twayini anayi. Akapalasa kangapo ankaima, kugwira phewa, n'kuyambanso msanga kuti masupuni asamire. Ndinamva chisoni, kenaka chisonicho chinasanduka mkwiyo, ndipo nkhuni ndinabwera nazo ndikuyankhula ndekha njira yonse.

Masana ndinawalondola kunyumba kwawo. Ndinawapeza pachitsa chawo pansi pa mtengo, akukhoma supuni ndi dzanja lamanzere, kahamala kakuphonya.

"Achimwene, injini ija imayenda ndi nkhafi?"

Sanadzutse mutu. "Wayamba liti kukwera mapiri, mlongo?"

"Musandizembe. Ndakuonani ndi maso angawa."

Anaika kahamala pansi n'kupuma mozama. "Injiniyo ndi yabwino. Kungoti sidziwa kuyenda pang'onopang'ono. Ndikaibweza moto mpaka pomalizira, imathamangabe. Supuni imangozungulira. Anaipangira anthu onyamula katundu, osati ife okoka masupuni."

"Nanga osamangirira ndowa kumbuyo bwanji kuti zizichepetsa liwiro, monga amachitira ena?"

"Ndinayesa. Ndowa zimakhala pomwe pamadutsa twayini wamtovu. Nsomba ikagunda imathamangira kuchingwe cha ndowa n'kukulunga. Ndinataya masupuni anga abwino, ndi nsomba zomwe."

"Ndiye muuzeni mwanayo."

"Ndimuuze kuti chiyani? Mwana wasoka mpaka maso kufiira, zala zonse mabala a singano, doko lonse lamuombera m'manja. Ine ndidzuke ndinene kuti wagula zolakwika?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene. Iye ali m'tauni, adziwa bwanji?"

"Sindikumva m'mimba. Ndi phewa chabe." Anandiyang'ana, ndipo achimwene sayang'ana munthu m'maso kawirikawiri. "Usamuuze. Ndakupempha."

Ndinalonjeza, ndipo ndinatuluka pampanda ndikudzitukwana chifukwa cholonjeza.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina sanatsikire kudoko. Ndinawapeza atakhala pabedi, malaya atavala mkono umodzi, winawo ukukana kukwera. Ndinawakokera kuchipatala ngati mbuzi. Adokotala anawagwiragwira phewa, kuwauza kuti akweze mkono, ndipo unafika pachifuwa n'kuima. Anati mtsempha wa m'phewa wayamba kung'ambika. Akaupumitsa upola, koma akapitiriza kupalasa udzaduka, ndipo mkonowo udzangolendewera, ngakhale supuni yodyera sadzaikweza.

"Mwamva?" ndinatero tili panjira.

"Ndamva. Adokotala amayenera kuopseza, ndi ntchito yawo."

Anapuma masiku owerengeka, kenaka ndinamvanso injini ikubangula padoko. Ndinabisa nkhafi yawo pansi pa matumba a makala, iwo anakabwereka ina, mpaka ndinawabwezera yawo. Ndinawakalipira pamaso pa makasitomala, iwo anamwa tiyi wawo, kuthokoza, n'kumapita. Pamenepo ndinaona kuti mkono wa munthu uyu utha ndikuyang'ana, ndipo mkonowo ukatha, usodzi watha, iyenso watha, chifukwa achimwene opanda boti sindikuwadziwa. Akulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ine sindinafune kuti lambe wake akhale wa m'nyumba mwathu.

Ndinalonjeza kuti sindimuuza mwanayo. Sindinalonjeze kuti sindimuitana. Ndinamuimbira foni.

"Iwe, injini unagula ija unaikwerapo?"

"Ayi azakhali, ntchito yachuluka."

"Ukugulira anthu zinthu osalawa? Bwera Loweruka, abambo ako akakuyendetse. Inenso ndikwera."

"Inu azakhali? Inu amene mumaopa ndi madzi a m'bafa omwe?"

"Ndati bwera."

Anafika Loweruka m'mawa, chikwama chake chili paphewa. Achimwene atamva kuti tonse tikukwera, anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinayang'ana kumbali. Ndinakhala pakati pa boti nditagwira matabwa ndi manja onse, ndikupemphera chamumtima. Injini inadzuka ndi kukoka kumodzi, monga analonjezera Telala, ndipo tinauluka. Telala ankaseka, mphepo ikumuchotsa mpango kumutu.

Titazungulira kaphiri anati, "Ponyani masupuni, ababa. Ndikufuna ndipite ndi nsomba m'tauni."

Apa ndiye panali pothina. Nkhafi inali pansi pa mapazi awo, mwana ali patsogolo pawo. Anabweza moto mpaka pomalizira, n'kuyamba kuponya. Telala anakulira m'boti limeneli, sanafunike womuuza. Anasuzumira m'madzi pamene supuni yoyamba inkatsika, anayang'ananso nsonga za nsungwi zimene zinkanjenjemera mosalekeza m'malo mogwedera mwa apo ndi apo.

"Ababa, supuni ikuzungulira."

"Ndi mafunde, mayi."

"Mafunde ake ati? Bwezani moto."

"Ndabweza."

"Bwezaninso."

"Wathera pomwepa."

 Telala anakoka twayini mmodzi, n'kumuona atapotana kale. Kenaka maso ake anagwera pankhafi. Chogwirira chake chinali chitakulungidwa nsanza, ndipo nsanzazo zinali zakuda ndi thukuta, zosalala chifukwa chogwidwa tsiku ndi tsiku. Anayang'ana bambo ake, anaona kuti chiwongolero cha injini agwira ndi dzanja lamanzere mopingasa thupi, lamanja lili pamwendo ngati la mlendo.

"Nsomba zimene mwakhala mukugwira zija, mumazigwira bwanji?"

Achimwene anayang'ana kumadzi.

"Azakhali, amazigwira bwanji?"

"Ine ndinalonjeza kuti sindinena," ndinayankha. "Koma adokotala sanalonjeze. Akuti mkono umenewo watsala pang'ono kuduka mtsempha."

Telala anatambasula dzanja n'kuzimitsa injini yekha. Boti linayenda pang'ono n'kuima, ndipo kunangomveka madzi akunyambita matabwa. Sanakuwe. Mwana ameneyu akakwiya mawu ake amatsika.

"Ndinagula kuti mupume. Inu mwakhala mukuinyamula pamsana ngati mwana wodwala. Pafoni mumandiuza kuti mkango."

"Injini ndi yabwino, mayi."

"Musandinamizenso, ababa. Mukundiyesa mlendo? Kasitomala wanga akavala diresi yomuthina amabwera kudzandiuza, ndimaimasula, nkhani yatha. Amene sabwera ndi amene sadzabweranso. Inu mwasankha kuduka mkono kusiyana ndi kundiuza mawu awiri."

Misozi inali ikutsika koma sanaipukute. Achimwene anavula chipewa, kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho, n'kuchivalanso.

"Unasangalala kwambiri tsiku lija," anatero motsitsa. "Chimwalirire mayi ako sindinakuone ukusangalala choncho."

Ine pamenepo ndinayang'ana kuphiri, chifukwa mlongo wolongolola sayenera kuoneka akulira m'boti.

Patapita kanthawi Telala anati aigulitsa injiniyo, agule yaing'ono. Achimwene anakana, ndipo ulendo uno sikunali kukana kwa manyazi. Anati mphepo ikadzuka masana injini imeneyi imawafikitsa padoko mafunde asanakule, pamene Chifuwa kanawasiyapo pakati pa madzi kangapo, ife osadziwa. Anati popita ndi pobwera ndi yabwino, vuto lake ndi pokoka pokha. Ndinawakumbutsa za ndowa, ndipo anafotokozanso mmene zinkakolera twayini kumbuyo.

"Bwanji osazimanga kutsogolo, zizidutsa m'mbali mwa boti?" anafunsa Telala, akupukuta mphuno.

"Ndowa m'mbali imagunda matabwa. Phokoso lake nsomba zimathawa, komanso imakanda penti."

"Chifukwa ndi yolimba."

"Eya."

"Nanga ikakhala yansalu?"

 Telala anatulutsa tepi yake m'chikwama, popeza telala sayenda wopanda tepi ndi sizasi, ndipo anayamba kuyeza boti kuchokera kumphuno mpaka pamene pali mapaipi a m'mbali. Anafunsa kukula kwa ndowa zimene anayesa, ndi mmene zinkachepetsera liwiro. Bambo ake ankayankha mwachidule ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Pobwerera nkhafi anaigwira Telala, ndipo titafika padoko anaitenga n'kukwera nayo basi. Anawauza kuti akabwereka ina, iye adzamva, chifukwa azakhali tsopano amasulidwa pa lonjezo lawo.

Sabata imeneyo achimwene anakhala pamtunda. Anali ngati nkhuku yomangidwa mwendo: kutsikira kudoko, kugwira boti, kukwera kutiyirumu, kutsikanso. Sanandiyankhule masiku awiri, kenaka anabwera kudzandifunsa ngati ndili ndi masupuni otha ntchito. Ndinawapatsa atatu abwinobwino, ndinati ngotha ntchito.

Telala anabweranso ndi mtolo pamutu. Anaumasula pakhonde la tiyirumu: matumba awiri a lona yobiriwira, yotsala pa tenti ya munthu wina. Lililonse linali lotambalala kukamwa, m'mphepete mwake atasokeramo waya kuti lisatsekeke, n'kumka lichepa mpaka kumchira kumene anasiyako bowo loti madzi azitulukira. Kukamwa anasokerako malamba atatu okumana pamphete yachitsulo, ndipo kumchira kachingwe kena koti ukakoka thumba likhuthuke, likwere m'boti lopepuka. Asodzi anatizungulira. Makaniko anafunsa ngati Abilimankhwe ayamba kusefa nyanja. Ndinamuuza kuti akasefe kaye ngongole za anthu m'mutu mwake, ndipo anthu anaseka iye m'malo mwa matumba.

Tinakweranso atatu. Ulendo uno sitinadikire kubisika kuseri kwa kaphiri. Telala anati tiyesere pamaso pa doko pomwepo, amene akufuna kuseka aseke. Anamanga matumba kumphuno kwa boti, lina uku lina uku, n'kuwaponya. Anayandama kaye ngati zovala zochapa, kenaka anamwa madzi, anatupa, zingwe n'kulimba. Ndinamva boti likugwidwa pachifuwa. Injini inkalirabe chimodzimodzi, koma madzi m'mbali anayamba kudutsa mwaulemu. Matumbawo anakhala pansi pa nthiti za boti, osagunda kanthu, ndipo kumbuyo konse kunali poyera.

Achimwene anatsitsa supuni imodzi pafupi ndi boti kuti aione. Tonse tinaweramira komweko mpaka boti kupendekeka. Supuni inagwedezeka kumanja, kumanzere, kumanja, ikuthwanima, osazungulira.  Achimwene anamasula twayini, kulowetsa nsungwi mupaipi, kuponya inzake, mpaka zonse zinayi zinali m'malo mwake, nsonga zikugwedera bwinobwino ngati anthu ovomerezana.

Ndinali pafupi kuyamba kunyada pamene ndinaona kuti sitikuyenda molunjika. Mphuno ya boti inkakokera kumanzere. Achimwene ankaibweza ndi chiwongolero, iyo n'kubwereranso. Kuti boti lisakhote n'kumanga twayini, anayenera kukankha chiwongolerocho osapumira, ndipo dzanja lamanzere litatopa ndinaona lamanja lija likunyamuka pamwendo kukathandiza. Nkhope yawo inakwinyika pang'ono, kenaka anaisalaza msanga.

Telala anaona zonsezi. Anakhala moyang'anana nawo, manja ali pamaondo.

"Zili bwanji, ababa?"

"Supuni ikuvina, mayi. Waona wekha."

"Ndaona. Ndafunsa kuti zili bwanji."

Mawu anali atafika kale pamilomo panga, chifukwa ine chinthu chokhota sindichisungira mawa. Koma mwanayo anandiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ndinawameza. Tinayenda choncho kanthawi ndithu, injini ikung'ung'udza, tizitsekerero ta mabotolo tikugundana pang'onopang'ono kunsonga za nsungwi. Achimwene anayang'ana thumba lakumanja, anayang'ana lakumanzere, anayang'ana kutali kumene kunalibe chilichonse choti n'kuyang'ana. Anakonza kukhosi kawiri.

"Mayi."

"Ababa."

"Lakumanzereli walisoka molakwa. Bowo lake lachepa, likugwira madzi ambiri kuposa linzake."

Atatero anagwira chiwongolero mwamphamvu ngati akudikira kuti thambo ligwe. Telala anaphimba kumaso ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka atachotsa manjawo ndi kuona kuti ndi zonse ziwiri. Anakoka kachingwe ka kumchira, thumba linakhuthuka n'kukwera m'boti likudontha, ndipo analiyala pamiyendo pake osasamala diresi. Anatulutsa sizasi m'chikwama n'kuiika pamphepete pa bowo.

"Ndidule apa?"

Achimwene anaweramira kutsogolo, anayang'anitsitsa, n'kusuntha sizasiyo ndi chala chawo.

"Ayi, wachepetsanso. Dula apa."